Kusintha Mapadi a Mabuleki Pakhomo

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

Lero tikambirana za mabuleki a galimoto, makamaka mapadi a matayala akutsogolo: mmene mungadziwire kuti atha, mmene mungagulire oyenera, ndi mmene mungawasinthire nokha pakhomo.

Nkhaniyi ndaisankha dala. Zaka zapitazi galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan zachuluka kwathu kuno ku Mchinji: Sienta, Probox, Vitz, Passo, Freed. Zambiri mwa izo si zongokwera banja popita ku tchalitchi Lamulungu ayi. Ndi matakisi a mumsewu wa M12, pakati pa Mchinji ndi Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo zimaima pa siteji iliyonse. Nyengo yokolola zimasenza matumba a mtedza ndi soya mpaka kumbuyo kukhala pansi. Galimoto yolemedwa, yoimaima, yoyenda m'fumbi chilimwe ndi m'matope dzinja, imadya mapadi msanga. Mwini wake akaganiza za ndalama ya ku galaja amangoti tiona mwezi wa mawa, mpaka tsiku lina chitsulo chikumane ndi chitsulo.

Ine ndimakhulupirira kuti munthu wodekha, amene anasinthapo tayala, angathe kusintha mapadi akutsogolo yekha. Kumasula ndi kumanga mabawuti si kovuta. Chimene chimavulaza anthu ndi tinthu timene amatidumpha chifukwa cha phuma, ndipo pa tinthu timeneto ndi pamene nditaye nthawi yambiri lero.

Tiyambe ndi mmene buleki imagwirira ntchito. Nonse mumaidziwa njinga yakapalasa. Mukakoka buleki, timalabala tiwiri timapana limu uku ndi uku, njinga n'kuima. Pa galimoto ndi chimodzimodzi, kungoti kuseri kwa tayala kuli mbale yachitsulo yozungulira limodzi ndi tayalalo, imene amakaniko amati disiki. Mapadi awiri amaipana mbali zonse. Chimene chimagwira mapadiwo ndi kalipa, ndipo m'kati mwa kalipa muli pisitoni. Mukaponda buleki, phazi lanu limakankha mafuta a mabuleki m'mapaipi, mafutawo amakankha pisitoni, pisitoni imakankha padi. Liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha pamenepo, n'chifukwa chake disiki imaotcha mukatsika mtsetse wautali. Ndipo popeza galimoto ikamaima kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu, mapadi ake ndiwo amayamba kutha. Kumbuyo, galimoto zing'onozing'ono zambiri zili ndi madiramu ndi mashuzi, zimene ndi ntchito ina.

Mudziwa bwanji kuti mapadi atha? Opanga anaikapo kachitsulo kakang'ono m'mbali mwa padi. Nyama ya padi, mbali ija imapana disiki, ikatsala pang'ono, kachitsuloko kamakhudza disiki n'kumalira tswii, tswii. Kulirako ndi chenjezo, galimoto ikadali ndi buleki. Koma mukamva kukhukhuluza, phokoso lolemera la chitsulo chikupala chinzake, ndiye kuti nyama yatheratu, ndipo paliponse pamene mukuponda buleki mukusema disiki, imene mtengo wake ndi woposa wa mapadi. Chizindikiro china chili pansi pa boneti: mafuta a mabuleki akamatsika pang'onopang'ono m'kabotolo kake kopanda podontha, kawirikawiri ndi mapadi amene akuwonda.

Komabe khutu lisakhale mboni yokha. Chotsani tayala muone ndi maso. Padi yatsopano imakhala ndi nyama yokhuthala mamilimita 10 kapena kuposera pang'ono. Ikafika pa mamilimita 3, yokhuthala kuposa kamtengo ka machesi pang'ono chabe, nthawi yakwana. Ndipo onani mapadi onse awiri, yakunja ndi yam'kati. Yam'kati ndiyo imabisala, ndipo nthawi zambiri ndiyo imayamba kutha.

Pali matenda ena amene mapadi atsopano sangachize. Ngati chopondera buleki chikulowa pansi mofewa, kapena mumachita kupopa kawiri katatu kuti igwire, m'mapaipi mwalowa mpweya kapena pena pakudontha. Ngati chiwongolero chikunjenjemera mukaponda buleki pa liwiro, vuto lili pa disiki. Zimenezi pitani nazo kwa makaniko.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tsopano za kugula. Musakangonena kusitolo kuti ndikufuna mapadi a Sienta, chifukwa Sienta yakale ndi yatsopano sizifanana. Tengani nambala ya chesisi, imene ili pa kambale ka pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, komanso pa mapepala a galimoto. Imayamba ndi zilembo monga NCP81 pa Sienta yakale, NCP51 pa Probox, KSP90 pa Vitz. Ngati n'kotheka, tengani padi yakale mukaifanizire ndi yatsopano pa kauntala pomwepo: utali, makutu ake a m'mphepete, pamene pali kachitsulo kochenjeza. Kuchokera kwa Guilleme kupita ku Lilongwe kapena ku Chipata n'kubwerako ndi mapadi osalowa, ndalama ya ulendo yokha imapweteka.

Bokosi limodzi limakhala ndi mapadi anayi, a matayala onse awiri akutsogolo. Ndipo onse anayi alowe tsiku limodzi. Ndimamva ena akuti kumanzere kokha ndiko kwatha, kumanja kudikire. Musatero. Mbali imodzi ikagwira kuposa inzake, galimoto imakokera kumodzi mukaponda mwadzidzidzi, ndipo kumene ikukokerako kungakhale wa kabaza kapena mayi wasenza mtolo.

Pa mtengo ndilankhula mosabisa. Pamsika pali mapadi a mitundumitundu. Alipo a makampani odziwika monga Akebono, Bosch, Ferodo ndi Bendix, alipo otsika mtengo opanda dzina, ndipo alipo achinyengo ovala bokosi la dzina lodziwika. Mapadi ovomerezeka pa muyezo wa ku Ulaya amakhala ndi chidindo cha 90R kumsana kwake. Chidindo nacho chimatha kukoperedwa, koma padi yopanda cholembedwa chilichonse kumsana ine sindingaiike pa galimoto yonyamula anthu. Yang'anani ngati nyama yamamatira bwino ku chitsulo, yopanda ming'alu, yosayoyoka mukaikanda ndi chikhadabo. Mapadi omatanso pamanja ndi guluu, ndi ochotsa pa galimoto yakufa, asiyeni. Nyama ikamatuka pa mtsetse simukhala ndi nthawi yodandaula.

Zida zake si zambiri. Jeke, sipanala ya matayala, imene pa Toyota zambiri ndi nambala 21 ndipo pa Honda ndi 19, masipanala a 12, 14 ndi 17, chopanira cha akalipentala chija amati kilampu, bulashi yawaya, kawaya kolimba komangira, nsanza yoyera, ndi girizi wa mabuleki. Ndipo chinthu chimene anthu ambiri alibe koma ndicho chachikulu: chochirikizira galimoto.

Pamenepa mvetserani bwino. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi. Si yoti galimoto ikhalirepo inu mukugogoda ndi kukoka mabawuti. Jeke yobwera ndi galimoto ili ndi phazi laling'ono, ndipo pa dothi la pakhomo, makamaka dzinja, imatitimira kapena kupendekeka. Galimoto yaing'ono ngati Vitz imalemera pafupifupi tani imodzi. Ikagwa, imagwera pa dzanja kapena pa mwendo. Sankhani malo athyathyathya ndi olimba, ikani thabwa lochindikala pansi pa jeke, ndipo mukakweza, chirikizani ndi sitandi yachitsulo. Ngati mulibe, chipika cha mtengo wolimba, chodulidwa bwino mbali zonse, chingathandize. Koma njerwa ayi. Ndikudziwa kuti pakhomo paliponse pali mulu wa njerwa zootcha, ndipo ndizo zimakhala pafupi. Njerwa sichenjeza. Imaphwanyika kamodzi n'kamodzi. Tayala limene mwachotsa liloweni chogona pansi pa galimoto, m'munsi mwa chitseko, kuti zonse zikalephera galimoto itere pa ilo. Ana amakonda kuunjirira pamene bambo akukonza galimoto. Auzeni aonerere ali patali.

Musanakweze, kokani handibuleki, ikani giya wani kapena P ngati ndi otomatiki, ndipo tsekerezani matayala akumbuyo ndi miyala kapena zipika, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo, choncho mukakweza kutsogolo giya siigwiranso mokwanira. Chatsala ndi handibuleki ndi miyala yanuyo. Manati a tayala muwafewetse pang'ono galimoto ikadali pansi, kenaka mukweze, muchirikize, muchotse tayala.

(NYIMBO YAIFUPI)

Tayala lachoka, disiki ndi kalipa zili poyera. Pindani chiwongolero kuti kumsana kwa kalipa kuyang'ane kwa inu. Musanakhudze chilichonse, jambulani ndi foni. Ndipo gwirani mbali imodzi mpaka ithe, kuti mukasokonezeka mukasuzumire mbali inayo mmene zinakhalira.

Kumsana kwa kalipa kuli mabawuti awiri, lam'mwamba ndi lam'munsi. Pa galimoto zambiri mukamasula lam'munsi lokha, kalipa imatukuka m'mwamba. Mukaitukula kapena kuichotsa, imangeni ndi kawaya ku sipuling'i. Isalendewere pa paipi yake ya labala, chifukwa paipiyo ikhoza kuwonongeka m'kati osaoneka kunja, n'kudzaphulika tsiku lina. Paipiyo musaimasule n'komwe; mukatero mpweya ulowa, ntchito yakula. Ndipo kalipa ili pamtunda chotero, wina aliyense asaponde buleki, poti pisitoni ingatuluke yonse.

Sololani mapadi akale. Muwayang'anitsitse musanawataye, chifukwa amanena zambiri. Ngati onse atha mofanana, zili bwino. Ngati imodzi yatheratu inzake ikadali yonenepa, kapena yadyeka chopendekera, ndiye kuti mapini amene kalipa imaseserekapo auma. Amenewa ndi matenda a misewu yathu: fumbi ndi madzi amatope zimalowa kalabala kophimba pini kakang'ambika. Sololani mapiniwo, muwapukute, muwapake girizi wa mabuleki wa silikoni, muwabwezere, muone ngati akulowa ndi kutuluka mosavuta ndi zala. Girizi wamba wa maberingi kapena oyilo wa injini amatupitsa labala, pini n'kugwira kuposa kale. Mukaika mapadi atsopano pa mapini ouma, miyezi yochepa mubwereranso kusitolo.

Fumbi lakuda la pa mabuleki musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Mapadi ena, makamaka akale ndi otsika mtengo, amakhala ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka. Pukutani ndi nsanza yonyowa, nsanzayo muitaye, ndipo mangani kansalu kumphuno. Pamene makutu a padi amakhala, palani dzimbiri ndi bulashi yawaya mpaka tizitsulo take tiwale.

Yendetsani chala pa disiki, itazizira. Timizere tosazama si vuto. Koma ngati pali mikwasa yoti chikhadabo chikukodwa, ming'alu, kapena mlomo waukulu m'mphepete, disiki yatha. Opanga amadinda pa disikipo muyezo wotsiriza wa kuchindikala kwake, pafupi ndi zilembo zakuti MIN TH. Yapyola pamenepo, isinthidwe, ndipo nazonso zimasinthidwa ziwiriziwiri.

Tsopano pisitoni. Pamene mapadi akale amawonda, pisitoni inali kutuluka kuwatsatira, ndiye mapadi atsopano sangalowe mpaka ibwerere. Tsegulani boneti, masulani chitsekerero cha kabotolo ka mafuta a mabuleki. Ikani padi yakale pa pisitoni, panani ndi kilampu, muzipotokola pang'onopang'ono. Mafuta azibwerera m'kabotolo, ndipo ngati munkathiramo owonjezera miyezi yapitayi, asefukira. Tapaniko ndi sirinji yoyera. Akadonthera pa bodi tsukani msanga ndi madzi, amadya penti. Pisitoni yabwino imalowa mosalala. Ikakana, kapena mukaona labala yozungulira pisitoni yang'ambika, kapena pali chinyontho cha mafuta, imani pomwepo. Musailimbitse ndi nyundo. Safunsa anadya phula, itanani makaniko.

Pisitoni yalowa, ikani mapadi atsopano. Timapepala tachitsulo ta kumsana kwa mapadi akale, ngati atsopano sanabwere nato, tisamutseni, timachepetsa kulira. Padi ya kachitsulo kochenjeza ikhale pamene panali inzake, onani pa chithunzi chija. Girizi pang'ono kwambiri pa makutu a padi, koma pa nyama yake ndi pa disiki pasafike ngakhale chala chamafuta. Tsitsani kalipa, mangani bawuti molimba ndi dzanja, osaonjezera paipi ku sipanala, chifukwa mabawutiwa ndi aang'ono, amaduka. Onani kuti paipi ya labala sinapotokoke. Bwezerani tayala, manati muwamange modumphanitsa, ili kenaka loyang'anana nalo, tsitsani galimoto, mumalizitse kumanga ili pansi. Amene ali ndi sipanala yoyezera, Toyota zing'onozing'ono zambiri zimafuna 103 Nm. Kudumphira pa sipanala ndi thupi lonse kumatambasula mabawuti a tayala. Mukatha, chitani chimodzimodzi mbali inayo.

(NYIMBO YAIFUPI)

Chimene ndinene tsopano, ngakhale mwaphonya zina zonse, ichi chokha chigwireni. Mukamaliza, galimoto ilibe buleki. Pisitoni munaibweza ija ili kutali ndi padi, ndipo mukaponda koyamba phazi lipita pansi popanda chogwira. Munthu amaliza ntchito ali wokondwa, aliza injini, abwerera m'mbuyo, aponda, palibe kanthu, ndipo kumbuyoko kuli khoma, nkhokwe, kapena mwana. Choncho musanachotse miyala ku matayala, musanalize injini, khalani pa mpando mupope buleki. Pondani mpaka pakati, bwezani, pondaninso, kangapo, kufikira chopondera chitalimba pansi pa phazi. Lizani injini, pondaninso, gwirani kwa kanthawi. Chikamatsika chokha, galimoto isachoke pakhomo.

Kenaka onani mafuta m'kabotolo, akhale pakati pa mizere ya MIN ndi MAX, mutseke. Ngati pafunika kuonjezera, werengani pa chitsekererocho: palembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Thirani a m'botolo lotsekedwa bwino, chifukwa mafutawa amayamwa chinyontho cha mumpweya. DOT 3 watsopano sawira mpaka madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 140. DOT 4 amatsika kuchoka pa 230 kufika pa 155. Akawira m'kalipa mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi sikankha pisitoni. N'chifukwa chake opanga ambiri amati asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. Pali chizolowezi china cha pamsewu chothira madzi a sopo mafuta akatha. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kuno kumtunda kwathu amawira asanafike n'komwe pamenepo, kuwonjezera apo amachititsa dzimbiri pisitoni ndi mapaipi. Oyilo wa injini ndiye amawononga malabala onse a m'kati. M'kabotolomo musalowe china chilichonse.

Kuyesa kuyambire pakhomo, pa liwiro la munthu woyenda pansi. Zikakhala bwino, pezani msewu wowongoka wopanda anthu, osati pa teledingi senta kapena nthawi imene ana a sukulu akuweruka. Thamangani mpaka 50, pondani mwapakati mpaka liwiro litsike pafupi kuima, yendaninso, mubwereze kasanu kapena kupitirira, mukupatsa mpata mabuleki kuti azizire. Apa padi ikuzolowerana ndi disiki. Makilomita 200 oyamba mabuleki sagwira mokwanira, ndiye siyani mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo, ndipo tsiku loyambalo si lonyamula matumba khumi. Mukayenda makilomita ngati 50, onaninso manati a matayala.

Galimoto zina musazikhudze pakhomo. Za hayibulidi, monga Aqua ndi Prius, zili ndi pampu yamagetsi imene ingakankhe mafuta yokha mukangotsegula chitseko cha dalaivala, kalipa ili m'manja mwanu. Za handibuleki ya batani, mapisitoni ake akumbuyo amabwezedwa ndi kompyuta. Zimenezi n'za amakaniko odziwa, ndipo kuwalipira si kutaya ndalama.

Ndisanatseke, mawu kwa madalaivala a matakisi. Mafuta a galimoto akadula kapena akasowa, ena amazimitsa injini pa mtsetse kuti apulumutseko. Chonde lekani. Chimene chimafewetsa buleki pansi pa phazi lanu chimadalira injini ikulira. Ikazima mumatsala ndi kuponda kuwiri kapena kutatu, kenaka chopondera chimauma gwa, ndipo pa galimoto zambiri chiwongolero nachonso chimalemera. Kutsika pa nyutulo nako kumasiyira mapadi okha ntchito yonse, n'kuwatentha. Tsikani ndi giya yotsika, injini ithandize. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Pa 100 ndi mamita 28, ndipo mtunda woti iime umachuluka kanayi. Pa Kamwendo tsiku la msika, pamene njinga, ngolo ndi anthu zadzaza m'mphepete mwa tala, mamita amenewo mulibe.

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za mabuleki akumbuyo, madiramu ndi mashuzi, ndi mmene mungakokere handibuleki imene yayamba kukwera mpaka m'mwamba.

(NYIMBO YOTSEKERA)